Dzanja limene linasema mwala wa ku Nigg

Parishi ya Nigg ili kumpoto kwa Scotland, pa ndomo yotsamira nyanja pakati pa Cromarty Firth ndi Moray Firth. Maina a midzi yake amaulula amene anapondapo. Pitcalnie likuyamba ndi liwu la a Pict lonena gawo la munda, pomwe Shandwick analitcha ndi a Norse obwera pa ngalawa ataona mchenga wa pagombepo. Chilankhulo cha a Pict chinatha, n'kutsala m'zidutswa za maina ngati amenewa. Luso lawo ndiye lidakalipo, ndipo lili pamiyala.

Mwala wa mtanda wosungidwa m'tchalitchi chakale cha Nigg unasemedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 700. Mmisiri wake sanangokanda mizere pamwamba. Anakumba mwalawo mozungulira chithunzi chilichonse kuti chithunzicho chitumphuke. M'mbali mwa mtanda muli timibulu tokhala ngati mazira m'chisa, njoka zikuzengerezana pakati pake. Kuti kambulu kamodzi kaime chotero, zonse zoyandikana nako ziyenera kugobedwa, ndipo chitsulo chikaphonya kamodzi palibe chomatira.

Komwe ine ndimagomera kwambiri n'kunsonga. Malo ake ndi a ngodya zitatu, opanikizika, oti mmisiri wamba akadangodzazamo maluwa. Uyu anaikamo Antony ndi Paul, oyera a m'chipululu cha Egypt, khwangwala akutsika pakati pawo ndi mkate kukamwa. Popeza m'mbalimo mukutsetsereka, anawaweramitsa, misana yawo n'kutsata kupendekeka kwa mwala. Kuchepa kwa malo kunasanduka kudzichepetsa kwa anthu opemphera. Pamenepo mpamene pamaonekera mmisiri weniweni.

Mwala wina wotere, wa ku Shandwick, udakaima pamtunda poyang'ana nyanja, ngakhale kuti tsopano unatchingidwa ndi magalasi. Wa ku Hilton of Cadboll, pafupi pomwepo, unapita ku National Museum of Scotland ku Edinburgh, ndipo pamalo pake pali wofanizira wosemedwa ndi Barry Grove. Ntchito ya Grove njaulemu, koma magalasi a ku Shandwick ndi amene ndimavomereza. Osema aja ankadziwa kumene dzuwa limatulukira ndi kumene asodzi amakocheza, ndipo mwina kuya kwa zosema zawo kunadalira kuwala kwa pamalopo. Mwala wotere uyenera kuonedwa pamudzi umene unaimikidwa.