Mcheni Kapena Ncheni: Mlandu Woweruzidwa Usanamveke

Pamene ndinali kuyendera ophunzira athu amene ali kuyesera ntchito ya uphunzitsi, ndinakhala kumbuyo kwa kalasi ina ya Sitandade 3 kufupi ndi nyanja. Phunziro linali la maina a nsomba. Mwana wina anatchula ncheni, ndipo mphunzitsi anati, "Walakwa, nena mcheni." Mwanayo anayankha kuti, "Agogo anga amatero." Anzake anaseka, ndipo iye sanakwezenso mkono kufikira belu linalira. Phunzirolo linakonzedwa bwino, koma pa dzina limodzi ili mphunzitsi anaweruza mlandu asanaumve.

Mkangano umenewu ndi wakale. Kwathu komwe atate ankati mcheni, amayi ankati ncheni, ndipo nsombayo ikafika pamphasa, yense ankanena kuti mnzake ndiye akupotoza lilime. Koma nsomba imene ankadya inali imodzi, yaitali ndi ya mano akuthwa ija, imene imasaka usipa m'Nyanja ya Malawi.

Tiyeni tsono tiumve mlanduwo. Dzina ili lili m'gulu limodzi ndi mtengo, mtima ndi mchere, maina amene pochulukitsa amayamba ndi mi-: mitengo, mitima, micheni. Potchula m timatseka milomo, koma potchula t kapena ch lilime ndilo limagwira ntchito kuseri kwa mano. Chifukwa chake ambiri, polankhula mofulumira, satsekanso milomo, ndipo m uja amamveka ngati n. Ndimo tikumva ntengo, ntima, nchere ndi ncheni. Kameneka si kulakwa ayi, koma ndi mmene pakamwa pamafupikitsira ulendo wake.

Umboni wake ulipo, ndipo mphunzitsi aliyense angauyese. Pemphani munthu wonena ntengo kuti anene kuti mtengowo ndi wake, ndipo adzati ntengo wanga, osati yanga. Ndiko kuti dzina silinachoke m'gulu lake. Linganizani tsono ndi nsomba ina, ntchira. Apa n ndi wake weniweni. Amatuluka ndi mpweya wamphamvu monga mu ntchito ndi ntchentche, timati ntchira yanga, ndipo pochulukitsa dzinalo silisintha. Mwana amene wamva yekha kusiyana kwa ncheni ndi ntchira waphunzira galamala yoposa ya pabolodi.

Wina adzati, "Nanga mabuku salemba mtengo ndi mchere kodi?" Inde amatero, ndipo ndi bwino, pakuti m ameneyu amaonetsa chibale cha mtengo ndi mitengo. Koma tikumbukire kuti malamulo amene bungwe la Chichewa Board linatulutsa mu 1973 anali a kalembedwe. Analamula cholembera, sanalamule pakamwa pa agogo. Anzathu a ku Zambia amalemba c pamene ife timalemba ch, koma palibe amene anganene kuti sadziwa kulankhula.

Cholakwa cha phunziro lija chinali kusokoneza zinthu ziwirizi. Mphunzitsi akananena kuti, "Agogo ako amatchula bwino, tsono taona mmene timalembera." Akanalemba mcheni ndi micheni pabolodi, nafunsa ana kuti kwawo amatchula bwanji, ndipo akanapeza kuti mkangano wa kumudzi ndiwo chuma cha phunziro lake.

Inu amene mudzaima patsogolo pa ana posachedwa, dziwani kuti mwana amabwera kusukulu ndi chinenero chimene anayamwira. Mukamuuza kuti makolo ake salankhula bwino, adzasankha chimodzi: kunyoza kwawo kapena kudana ndi sukulu, ndipo zonse ziwiri n'zotayika. Konzani zolemba zake ndi inki yofiira monga mwa udindo wanu, koma musanakonze lilime lake, yambani mwafunsa amene anamuphunzitsa.