Nikumbh Akadzachoka, Kope Adzaligwira Ndani?

Filimu ya ku India yotchedwa Taare Zameen Par, imene Aamir Khan anaitulutsa mu 2007, yaliza anthu ambiri, ndipo sindikana kuti inenso inandikhudza mtima. Ikusimba za Ishaan, mnyamata wa zaka 8 amene zilembo zimamuvinira m'maso. Vutoli akatswiri amalitcha dyslexia: nzeru zilipo ndithu, koma b ndi d zimasinthana malo. Aphunzitsi akuti ngwaulesi, bambo ake akuti ngwamwano, mapeto ake amtumiza ku sukulu yogonera komweko, kumene mwanayo angoti ndwii ngati mfedwa. Kenaka afika Nikumbh, mphunzitsi wogwirizira wa zojambula, nafufuza m'makope a mwanayo, nazindikira chimene onse sanachione.

Mpaka apa filimuyi njabwino. Koma ndili nayo mlandu, aŵerengi okondedwa: yasenzetsa mutu umodzi denga lonse. Mayi ake a Ishaan ankakhala naye pansi pa ntchito ya kusukulu. Zilembo zotembenukazo anazipenya ndani koposa iwo? Rajan, mnzake woyendera ndodo uja, ndiye ankadziŵa kusweka mtima kwake. Aphunzitsi enawo, amene filimu yawasandutsa zidole zoseketsa, ndiwo anali naye sabata yathunthu. Aliyense anali nako kachidutswa ka choona, koma sitiwaona ngakhale kamodzi atakhala pamodzi nafunsana kuti: mwaonapo chiyani inu, tiyese chiyani mwezi uno, achite ndani, tikumanenso liti? Kwa makolo ndi kwa ahedi Nikumbh apita payekha, ndipo apita kukawaphunzitsa, osati kukapangana nawo nzeru.

Ichi chindidetsa nkhaŵa chifukwa kuno kwathu aphunzitsi a ana otere, amene ambiri amasulidwa ku Montfort College ku Nguludi, ngochepa, ndipo kaŵirikaŵiri mmodzi amayendera masukulu angapo. Kholo loonera filimuyi lingathe kupinda manja kudikira mpulumutsi woimba chitoliro, pamene mphunzitsi wa m'kalasi, ahedi, a komiti ya sukulu ndi agogo olera mwanayo akanayambapo kale kugaŵana ntchito pansi pa mtengo wa mango.

Palinso china. Ishaan alandira ulemu atapambana mpikisano wa zojambula. Nanga mwana amene kuŵerenga kumamkanika, kujambulanso osatha? Ndiponso tisaiŵale kuti Nikumbh anangobwera kudzagwirizira. Filimu itha ana akupita kutchuthi, Ishaan akuthamangira kukamkumbatira, osatiuza amene adzatsegule kope lija iye akadzasamuka.