Kanyumba ka Thoreau: Adasenza Denga Ndani?

Pa 4 July 1845, Henry David Thoreau, mnyamata wa zaka 27, adachoka m'tauni ya Concord ku Massachusetts, m'dziko la America, nakakhala m'kanyumba ka chipinda chimodzi m'mbali mwa thamanda la Walden. Adakhalako zaka ziwiri ndi miyezi iwiri, ndipo buku lake lotchedwa Walden lidatuluka m'chaka cha 1854. Iye adali m'gulu la Ralph Waldo Emerson, lophunzitsa nzeru zotchedwa Transcendentalism, zonena kuti munthu aliyense angathe kupeza choona mumtima mwake ndi m'chilengedwe, popanda womuuza.

Bukuli lili ndi mphamvu. Thoreau ankaona anansi ake akukalamba ndi ngongole za minda ndi nyumba, nanena kuti mtengo weniweni wa chinthu ndiwo masiku a moyo amene timataya pochifuna. Kanyumba kake kadamudyera madola 28 ndi masenti ochepa. Ankalima nyemba, ndipo adapeza kuti ntchito ya masabata asanu ndi limodzi inkakwanira zosowa za chaka chathunthu. Bambo amene ana ake amangomuona usiku chifukwa chothamangira katundu ayenera kumva mawuwa.

Komabe, owerenga okondedwa, tisatengeke msanga. Malo amene adamangapo adali a Emerson. Nkhwangwa yodulira mitengo adachita kubwereka, ndipo tsiku loimika nyumbayo anzake adabwera kudzathandiza. Ku Concord, kumene kudali mayi ake, kudali kufupi, ndipo ankapitako kawirikawiri. Zambiri mwa izi iye mwini sabisa, koma phunziro lake salitola: akutamanda kudziimira payekha ali pansi pa denga limene anthu ena adamusenzetsa. Pajatu mutu umodzi susenza denga.

Ndiponso Thoreau adalibe mkazi kapena mwana. Umphawi wodzisankhira, umene munthu amausiya akafuna, monga adachitira iye mu 1847, ngosiyana ndi umphawi wa mayi wamasiye wosowa ndalama za mankhwala. Kuuza mayi wotere kuti achepetse zofuna zake ndi chipongwe.

Tsono bukuli tiliwerenge, koma tilifunse funso limene silikuyankha bwino: nthawi ndi ndalama zimene tapulumutsa pokhala ndi zochepa, zipindulire yani? Zikathera pa ife tokha, ndiye kuti umbombo wangosintha malaya.