Nyika ya van der Post: udzu ndi mbidzi zilipo, nanga anthu?

Ambiri a ife tayamba kutenga ana athu obadwira kuno kupita nawo kumpoto kwa Malawi pa tchuthi. N'zabwino ndithu. Koma ndaona kuti timapitako ndi maso a buku lina lake ngakhale sitinaliwerenge, ndipo n'chifukwa chake ndati ndilikambeko pano. Bukuli ndi Venture to the Interior la Laurens van der Post, lomwe linatuluka ku London mu 1952. Langa ndinaligula paundi imodzi m'kashopu ka kaunjika pa Foleshill Road.

Van der Post anafika ku Nyasaland mu 1949, atatumidwa ndi Colonial Development Corporation kukaona phindu lomwe lingachokere m'mapiri a Mulanje ndi Nyika. Tisamunamizire, munthuyu cholembera ankachidziwa. Aliyense amene anadzukapo ku Chelinda m'mwezi wa June, chisanu chitayeretsa udzu, nkhungu ikuyenda m'zigwa, adzavomereza kuti thambo ndi mphepo ya kumeneko anazigwira bwino. Gawo la imfa ya mnyamata woyang'anira nkhalango amene anakokoloka ndi madzi pa Mulanje ndi lomvetsa chisoni kwambiri.

Vuto langa lili pa Nyika. M'bukuli phirili likuoneka ngati dziko longolengedwa dzulo, lodikirira mzungu kuti alione. Anthu akuda alimo, inde, koma ambiri ndi amtengatenga, ophika ndi oimba ng'oma. Tsono ndani ankadziwa njira? Ndani ankadziwa pokhala madzi? Aphoka anakhala m'mapiri amenewa kuyambira kalekale, akusungunula chitsulo ndi kusula makasu, ndipo ng'anjo zawo zina zikuonekabe mpaka lero. Cham'mphepete mwa phiri lomwelo, ku Khondowe, mishoni ya Livingstonia inali itakhazikika kuyambira 1894. Kumeneko kunaphunzira Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919, komanso Levi Mumba, pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Dera lotulutsa anthu oterewa n'kulitcha chipululu? Mlendo ndi mame, koma uyu anauma msanga asanafunse eni nthaka.

Mu 2001 J.D.F. Jones analemba mbiri ya moyo wake ndi kuonetsa kuti mkuluyu ankathira mchere wambiri pa nkhani zake. Zimenezo sizindipweteka kwenikweni. Agogo athunso amathira mchere pa nthano. Chondipweteka n'chakuti chithunzi cha phiri lopanda anthu chinadzasanduka choona. Nyika inakhala paki mu 1965, ndipo poikulitsa mu 1978 midzi inasamutsidwa, anthu n'kutsikira kuchigwa kusiya minda ndi manda a makolo. Sindikuti van der Post ndiye anawasamutsa. Sindikutinso pakiyo n'njopanda ntchito: mitsinje ngati North Rukuru ndi North Rumphi imayambira kumeneko, kuli mitundu ya maluwa a orchid yoposa 200, ndipo kuona chilembwe, ntchefu ndi mbidzi zikudya pamtetete n'chinthu chosaiwalika. Koma bata lomwe alendo amalitamanda lija lili ndi mtengo wake, ndipo alipo anaulipira. Ngakhale mitengo ya paini ya ku Chelinda, yomwe ena amati imawakumbutsa Scotland, si yachilengedwe ayi, inachita kubzalidwa m'ma 1950.

Taonani mapepala oitanira alendo a masiku ano. Mzuzu ndi pothira mafuta, Rumphi ndi pogula buledi womaliza, Karonga ndi podutsira popita ku Tanzania. Basi. Chonsecho ku Karonga kuli nyumba yosungiramo zakale yomwe inatsegulidwa mu 2004, momwe muli chigoba cha Malawisaurus ndi mbiri ya nsagwada ya munthu wakale yomwe inapezeka ku Uraha mu 1991, ya zaka zoposa 2 miliyoni. Pomwepo Mlozi anagonjetsedwa mu 1895, pomweponso panamenyedwa nkhondo ndi Ajeremani mu September 1914. Ku Nkhata Bay, komwe achinyamata athu amangokudziwa chifukwa cha kusambira, anthu anaomberedwa padoko pa 3 March 1959, tsiku lomwe timakumbukira chaka ndi chaka.

Bukuli liwerengeni, koma pambali pake muikepo I Will Try la Legson Kayira, la 1965. Iye anali mwana wa kumpoto komweko, wophunzira ku Livingstonia, amene ananyamuka wapansi mu 1958 kukafuna sukulu ku America. M'buku lake muli amayi ake, mudzi wake, umphawi ndi aphunzitsi ake. Kayira anakhala kuno ku England zaka zambiri mpaka imfa yake mu 2012, koma nditafunsa ana a kutchalitchi kwathu, palibe ndi mmodzi yemwe amene anamvapo dzina lake.