NYIMBO ZA M'KANEMA ZITUMIKIRA YANI?

Munthu akatuluka m'nyumba ya kanema, kawirikawiri cimene apita naco kwao ndi nyimbo. Maina a osewera aiwalika msanga, nkhani nayonso izimirira pang'ono pang'ono, koma nyimbo ikhalabe m'khutu masiku ambiri. Opanga mafilimu adziwa bwino cimeneci, ndipo saika nyimbo mwacisawawa. Masiku apitawa ndaonera mafilimu atatu, awiri akale ndi imodzi yatsopano, onse odzala ndi nyimbo za jazi. Tiyeni tiwayese ndi funso limodzi: kodi nyimbo za m'menemo zitithandiza kuona zoona, kapena zitiphimba m'maso?

Yoyamba ndi Jim Comes to Jo'burg, imene Donald Swanson anapanga ku South Africa m'caka ca 1949. Jim acoka kumudzi kukafuna nchito ku Johannesburg. Atangofika, akuba amlanda zace. Ayesa nchito iyi ndi iyo osapindula kanthu, kufikira akomana ndi msungwana woyimba m'nyumba ya dansi, ndiye Dolly Rathebe. Potsiriza kudziwika kuti nayenso Jim ali ndi mau okoma, ndipo mabvuto ace onse athera pomwepo. Anthu akuda anaikonda kwambiri filimuyi, ndipo sitingawadzudzule, pakuti kale lonse sanali kuona anthu a mtundu wao ali eni ace a nkhani pa cinsalu ca kanema. Mau a Dolly ndi malipenga a gulu la Jazz Maniacs akomabe ngakhale lero. Komatu cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Filimuyi inaturuka patangopita caka cimodzi cilowere boma la tsankho la 1948, koma mzinda umene tiuona m'menemo sudziwa bvuto la citupa, ndipo olanda katundu wa Jim ndi akuda anzace. Nyimbo zigwira nchito ya laimu wopaka pa cipupa cong'ambika. Zionetsa ngati munthu wakuda asowa mwai cabe, osati ufulu.

Yaciwiri ndi Come Back, Africa ya 1959. Anaipanga ndi Lionel Rogosin wa ku America, mothandizana ndi alembi akuda Lewis Nkosi ndi Bloke Modisane. Akulu anati mlendo ndiye ayenda ndi kalumo kakuthwa. Rogosin anauza a boma kuti ajambula filimu ya nyimbo, ndipo iwo anamlola, poyesa kuti munthu woyimba alibe mlandu ndi munthu. Nkhani yace iyamba monga ya Jim. Zachariah acoka kumudzi, agwira nchito mu mgodi wa golide, kenaka m'nyumba ya Mzungu ndi m'malo ena, ndipo ponseponse citupa cimlondola ngati mthunzi. Usiku wina apolisi amgwira, ndipo pobwera apeza mkazi wace ataphedwa ndi cigawenga.

M'filimuyinso muli nyimbo zambiri, koma taonani m'mene aziikira. Anyamata oliza zitoliro za lata aimirira m'miseu ya fumbi, atabvala nsanza. Mu shabini ya ku Sophiatown, mudzi umene boma linayamba kugwetsa m'caka ca 1955, amuna atsutsana za tsankho, ndipo pakati pa mtsutsowo alowa Miriam Makeba nayimba nyimbo ziwiri. Akatha kuyimba palibe casintha. Apolisi akali panja, Zachariah akali wosauka. Nyimbo pano siipulumutsa munthu, koma icitira umboni kuti anthu amene boma liwayesa zida za nchito ali ndi nzeru ndi ulemu wao. Osewera ambiri sanali ozolowera, ndipo nthawi zina mau ao amveka ouma. Ngakhale ziri conco, filimuyi iposa ya Swanson kutari. Mtengo wace unali wowawa: inaletsedwa ku South Africa, ndipo Makeba, amene anapita kukaionetsa ku Venice, anamkaniza kubwerera kwao m'caka ca 1960 pamene anafuna kukaika maliro a amai ace. Anapondanso dziko lace m'caka ca 1990.

Yacitatu ndi Soundtrack to a Coup d'Etat ya 2024, imene Johan Grimonprez wa ku Belgium analumikiza ndi zithunzi zakale zenizeni. Nkhani yace iri pafupi ndi ife, pakuti inena za Congo ndi cuma ca m'migodi ya Katanga, tsidya lina la malire a ku Copperbelt. Congo inalandira ufulu pa 30 June 1960, anthu akubvina Indépendance Cha Cha ya Joseph Kabasele. M'mwezi wa October caka comweco Louis Armstrong anafika ku Léopoldville ndi lipenga lace, paulendo umene boma la America linathandiza, ndipo makamu anamlandira ngati mfumu. Nthawi yomweyo Patrice Lumumba anali wotsekeredwa m'nyumba yace, ndipo pa 17 January 1961 anaphedwa ku Katanga. M'mwezi wotsatira woyimba Abbey Lincoln ndi anzace analowa m'bwalo la United Nations ku New York napfuula motsutsa imfayo. Motero tiona jazi mbali zonse ziwiri: lipenga la Armstrong likometsa dzina la boma limene linali kukonzera Lumumba ciwembu, ndipo mau a Lincoln ndi ng'oma za Max Roach zilira maliro.

Filimuyi njamphamvu, koma iri ndi zirema zace. Itenga maola awiri ndi theka, ndipo malemba oti tiwerenge pa cinsalu acuruka kotero kuti maso atopa. Cacikulu nciti, Grimonprez akonda kuika cithunzi ca woyimba pafupi ndi ca msilikari, kuti ng'oma imangirire ziwirizo pamodzi. Mtima ubvomera msanga, koma kuyandikana kwa zithunzi sindiwo umboni. Tisaiwale kuti Armstrong yemweyo anadzudzula poyera boma lace m'caka ca 1957, pa nkhani ya ana akuda oletsedwa kulowa sukulu ku Little Rock. Ngakhale filimu yotsutsa cinyengo ikhoza kutikoka ndi nyimbo.

Inu amene mwatsiriza sukulu munaphunzira kufunsa za buku kuti analemba ndani, ndipo afuna ciani. Citani cimodzimodzi ndi kanema. Nyimbo ikayamba, kondwani nayo, pakuti oyimba awa anali akatswiri enieni. Koma funsaninso kuti anaiika pamenepo ndani, ndipo nciani cimene cikucitika kuseri kwa woyimbayo pamene maso anu ali pa lipenga.