ZA MAWOCHI OONETSA DZULO NDI MAWA

Kuyambira kale nchito ya wochi inali imodzi yokha, ndiyo kuuza mwini wace nthawi imene iripo tsopano. Koma masiku ano amisiri apanga mawochi okhala ndi kompyuta yaing'ono m'kati mwace, ndipo afuna kuti kanthu aka kobvala pamkono kaonetsenso zimene zidapita ndi zimene zirinkudza. Tifuna kuyesa pano njira ziwiri zimene amisiri a ku America anaturutsa m'caka ca 2015, pakuti pa izo tiphunzira cimene wochi iyenera kucita ndi cimene iyenera kuleka.

Njira yoyamba inali ya wochi yochedwa Pebble Time, ya Eric Migicovsky ndi anzace, imene anthu anaisonkhera madola oposa 20 miliyoni pa Kickstarter isanafike m'sitolo. Kudzanja lamanja la wochi iyi kunali mabatani atatu. Munthu akasindikiza la m'mwamba anaona zimene zidapita, akasindikiza la m'munsi anaona zakudza, monga msonkhano wa madzulo, mvula ya mawa, ndi ora lakulowa dzuwa. Zonsezi zinandandalikana pa mzere umodzi, ndipo batani la kumanzere linambwezera munthu pa nkhope ya wochi.

Njira yaciwiri inali ya Apple Watch, ndipo anaicha Time Travel, ndiko kunena ulendo wa m'nthawi. Pambali pa wochi iyi pali kagudumu konga kamene makolo athu anapukusa pa mawochi akale. Popukusa kagudumu aka kutsogolo, ora lenileni la pa nkhope ya wochi linasuntha, ndipo tizizindikiro tonse tinasuntha nalo pamodzi, kuonetsa kutentha ndi misonkhano ya ora limenelo. Posindikiza kagudumu, wochi inabwerera ku nthawi yoona.

Tibvomereza kuti njira yaciwiriyi inali yokoma m'maso. Komatu ife tiyesa kuti yoyamba inaposa nzeru, ndipo cifukwa cace ndi ici. Munthu sakhala pansi kuti awerenge wochi monga awerenga buku. Angoponya diso pamkono kamphindi, ali pa njinga kapena atasenza katundu, ndipo cimene waona acikhulupirira osafunsa. Tsono kagudumu sikacedwa kukhudzidwa ndi mkono wa malaya kapena kumbuyo kwa dzanja. Inde, panali cizindikiro cakuti wochi yacoka pa nthawi yeniyeni. Koma kodi wothamangira sitima, kapena wodwala amene alinda ora lakumwa mankhwala, adzaciona cizindikiroco? Wochi imene ikhoza kunena 4 koloko nthawi iri 2 koloko yataya ulemu wace, cinkana ikhale nazo nzeru zina zambiri. A Apple anazimitsa macitidwe awa m'caka ca 2016, kuti wowafuna aziwatsegula yekha, nawacotseratu m'caka ca 2018. Ndipo ife titi anacita bwino.

Koma pali colakwa cina cozama cimene njira zonse ziwiri zinali naco. Zinayesa dzulo ndi mawa monga mseu umodzi, umene munthu akhoza kuyendamo kumka uku kapena uko. Si momwemo iai. Za dzulo zidacitika, ndipo wochi ndiyo mboni yace. Za mawa ndi malonjezano a anthu ndi zongoyerekeza za akatswiri a nyengo. Akulu anati cakudza siciyimba ng'oma. Wochi ikalemba mvula ya mawa ndi zilembo zomwezo zimene ilembera mapazi amene tayenda lero, iphunzitsa mwini wace kukhulupirira zonse ziwiri mofanana, ndipo apo yamnyenga ngakhale sinanene bodza.

Ndiponso zakale zimene munthu azifuna pamkono siziri misonkhano imene idatha. A Pebble anacizindikira ici, pakuti m'caka ca 2016 anapatsa batani la m'mwamba nchito yina, yakuonetsa mapazi amene munthu wayenda ndi maora amene wagona. Izi ndizo zakale zimene wochi inaziona yokha, popeza inali pathupi usana ndi usiku. Kampani ya Pebble inagulidwa ndi Fitbit kumapeto kwa caka comweco, koma phunziro lace silinafe nayo. M'caka ca 2023 a Apple anaika Smart Stack, mmene kagudumu kadzutsa timakadi ta zinthu zakudza, osasuntha ora loona.

Cifukwa cace tipempha amisiri, ndi inunso owerenga amene mulingalira kugula cipangizo cotere, kuti muciyese ndi mafunso atatu. Kodi nthawi ya tsopano ioneka ponse ponse pamene munthu ayang'ana zakale kapena zakudza? Kodi akhoza kubwerera ndi kukhudza kumodzi kokha, osasocera? Ndipo kodi zimene zidacitikadi zisiyana maonekedwe ndi zimene zingoyembekezeka? Wochi yoyankha bwino mafunso awa ndiyo yoyenera ndalama zanu. Yolephera funso loyamba muisiye m'sitolo, pakuti yaiwala nchito imene anaipangira.