Kufunsa manja ali pa ukonde

Pa doko la Kande pali mkulu wina, mwini ukonde wa chilimira, amene anyamata awo amangowatchula kuti Ada, monga amachitira Atonga. Iwowa sanaphunzire za uphungu, koma ntchito imene tsiku la 10 Okutobala limapempha kwa mabwana amaigwira mwaluso losiririka. Tsikuli ndi lokumbukira thanzi la m'maganizo padziko lonse. Linayamba mu 1992, ndipo mu 2024 mutu wake unali wokhudza malo a ntchito. Doko nalonso ndi malo a ntchito: chilimira chimodzi chimadyetsa anyamata pafupifupi khumi ndi mabanja awo.

Luso la Ada limayambira m'maso. Usipa umaphedwa usiku, siginala ali m'bwato ndi nyali zokopera nsomba, anzake n'kuzinga ndi ukonde. Ada anasiya kulowa m'nyanja, amadikira pamchenga m'mamawa. Amalonda akamawerenga ndowa, iwo amakhala akuona anthu awo. Ndani watsika m'boti osaseka nawo? Ndani walandira gawo lake n'kulunjika kukachasu dzuwa lisanakwere? Ndani akuti foni ikalira angoiyang'ana n'kuibwezera m'thumba?

Akamuona wotere samuitanira pambali. Pa doko, kuitanidwa pambali ndi mlandu kale: anthu ayamba kunong'ona kuti waba mafuta a injini, kapena ntchito yamuthera. Ada amadikira masana, nthawi yosoka ukonde pamthunzi.

"Mphwanga, tabwera undigwirire apa, maso angawa atha."

Amamupatsa mbali yong'ambika kwambiri, iwo n'kukhala pambali pake, phewa ndi phewa. Onse awiri maso ali pa ukonde, zala zikumanga mfundo. Wodutsa amangoona anthu awiri ali pa ntchito, ndipo mnyamata uja palibe akumuyang'ana m'maso. Manyazi amachepera pomwepo.

Funso lawo loyamba ndimalikonda chifukwa cha kuchepa kwake: "Kodi masiku ano ukugona?" Msodzi amagona masana, ndipo mu Okutobala kunyanja kumatentha koopsa, choncho amene sakufuna kulankhula atha kunamizira kutentha n'kuchoka ndi ulemu wake. Ada amamusiya, adzamufunsanso mkuja. Koma akayankha kuti, "Tulo tikusowa, Ada," apa ndiye pamene ambirife timalephera, chifukwa timathamangira kulangiza. Iwo amangoti "Mmm," n'kumanga mfundo ina, inanso, inanso. Chete ameneyu amatalika mpaka mnyamata amayamba yekha kumasula: katapila wakula, mkazi wabwerera kwawo, achimwene a ku Joni anasiya kutumiza, nkhope ya mnzake amene anamira ndi mwera ikumubwererabe akangotseka maso.

M'kamwa mwa Ada simutuluka mawu oti "mwamuna salira" kapena "ingolimba mtima." Salalikiranso, ngakhale ndi munthu wopemphera. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti ambiri odzipha m'Malawi muno ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Amuna amenewa anamvapo kale kuti alimbe mtima. Chimene anasowa ndi womvetsera.

Akamva, amachita zimene bwana angathe. Amamupumitsa masiku awiri pamtunda gawo lake osadula. Amapita naye kwa wakatapila kukakambirana kabwezedwe. Ndipo nkhaniyo imathera pa ukonde pomwepo, ngakhale mayi a kunyumba kwawo saimva. Pa mudzi wodziwana aliyense, chinsinsi chikangotuluka kamodzi, palibe adzabwerenso kudzasoka nawo.

Chachikulu koposa, amadziwa polekezera nzeru zawo. Akaona kuti mtima wa mnyamata walemera kwambiri, amasiya kuzungulira, amaika ukonde pansi n'kufunsa mosabisa: "Mwana wanga, kodi unaganizapo zodzipha?" Ambiri amaopa kuti funsoli lingamupatse munthu maganizo oipa, koma akatswiri a zamaganizo amatsimikiza kuti silitero, m'malo mwake limamupeputsa. Akavomera, kapena akanena kuti akumva mawu amene ena sakuwamva, Ada samusiya yekha. Amaitana mbale wodalirika, n'kumuperekeza kuchipatala cha Chintheche, thiransipoti yawo. Kuchokera kumeneko njira ilipo yopita kuchipatala chachikulu cha Nkhata Bay, ngakhalenso ku St John of God ku Mzuzu, komwe akhala akuthandiza odwala maganizo kuyambira zaka za m'ma 1990.

Nanga tsiku lija ntchito yake n'chiyani kwa munthu wotere? Limamupatsa poyambira. "Mwamva zimene akunena pa wailesi lero?" Gulu lonse limalankhula za munthu wongoyerekeza, wina n'kumva kuti khomo latseguka, patapita masiku n'kubwera yekha.

Inu oyendetsa malo ogona alendo ku Chintheche, akapitawo a m'minda ya mphira ndi tiyi, makomiti a pa doko mpaka ku Usisya kumene chipatala chachikulu chili kutali ndipo msewu ndi wovuta: pa 10 Okutobala musalekere pa malaya olembedwa uthenga. Pakati pa antchito anu alipo amene anzake amamuuza kale zakukhosi. Mupezeni, mutumizeni akaphunzire za uphungu, ndipo mupatseni nthawi yokhala pansi ndi anzake m'maola a ntchito.